Kangachepe ka Wapansi

9 Febuluwale

Mayi a ana anga,

Ndiyambe ndi moyo wanu, wa ana ndi wa amayi. Chifuwa cha amayi chija chatsika? Ine kuno ndili bwino. Ndaonda pang'ono, koma musadandaule, kuonda kwa munthu wogwira ntchito n'kosiyana ndi kwa munthu woifunafuna.

Inde, mwamva bwino, ntchito ndaipeza. Yotsuka magalimoto ija ndinaisiya, zifukwa zake tidzakamba pamaso. Tsopano ndili pa kampani yoperekera katundu m'makomo. Munthu akagula firiji, bedi, sitovu kapena makina ochapira kusitolo, ife ndi amene timakamusiyira m'nyumba mwake. Pa lole tilipo atatu. Pali adalaivala, amene satsika pampando ngakhale kunja kutayaka moto. Pali ine. Ndiye pali bambo wina wa kwathu konko amene aliyense amangowaitana kuti a Chipewa, chifukwa chipewa chawo chaubweya sachivula, kutenthe kuzizire. Anabwera kuno ine ndisanayambe n'komwe kumeta ndevu.

Andilemba moyesa kwa miyezi itatu. Ikatha, kapitawo wa kudepoti safunsa masatifiketi, safunsa adalaivala, amafunsa a Chipewa funso limodzi lokha: ameneyu akhale kapena apite? Ndiye mudziwe kuti malata a nyumba yathu ndi fizi ya wachisamba zili pakamwa pa bambo amenewa. Muziwapempherera monga mmene mumandipempherera ine.

Anthu kuno amakhala m'nyumba zosanjikizana, ndipo chikepe chimakhala chakufa, apo ayi chochepa moti firiji singalowe. Ndiye timakwera masitepe. Pamasitepe pamakhala wapansi ndi wapamwamba. Wapamwamba amayenda chambuyo atagwira lamba, ntchito yake kukoka ndi kuwongolera. Wapansi ndiye amasenza. Kulemera konse kumatsikira pa iye, ndipo nkhope yake sioneka, imakhala itakanirira kumsana kwa firiji. A Chipewa ndi apansi nthawi zonse. Tsiku loyamba ndinati, "Bambo, wamng'ono ndine, ndikhale pansi ineyo." Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kunena kuti, "Pansi sipafuna mphamvu, mphwanga, pafuna munthu wodziwa kupuma. Kwera."

Mayi, mukanaona! Bambo woonda ngati ine ndemwe, ndevu mbuu, koma firiji ya zitseko ziwiri imakwera nawo ngati ikuwamvera. Pokhota amangoti "ima", "pendeka", "tiye". Mawu atatu amenewa ndi amene ndimamva tsiku lonse.

Tsopano za funso lanu. Mwati bambo wanjinga uja amakutengerani katundu kuchokera pamene basi imatsitsira anafika ndi katoni n'kuima pakhomo nthawi yaitali akupukuta thukuta, ndipo munasowa kuti mumupatse kanthu kapena ayi. Musamupatse. Katoni ija ndinalipira kuno mpaka pakhomo panu, ndipo a mabasi amamupatsa yake. Mukamuzoloweza, mawa adzaima mpaka mumuphere nkhuku. Madzi akumwa ndi zikomo zakwana.

Ndalama ndatumizayi muyambe ndi fizi, yotsala mugule mankhwala a amayi. Alamu anu akabweranso ndi nkhani ya njinga yamoto ija, muwauze kuti foni yanga inagwera m'madzi.

Ndine,
bambo a ana anu

6 Malichi

Mayi a ana anga,

Muli bwanji kumeneko? Ndasangalala kumva kuti mzime wayamba kuyenda chogwirira khoma. Muuzeni asathamange, adikire abambo ake adzaone. Ine ndili bwino, msana wokha ndi umene ukuphunzirabe ntchito. Pafoni timangofunsana moyo mayunitsi n'kutha, n'chifukwa chake nkhani zenizeni ndimasungira pepala.

M'katoni muli nsapato za wachisamba, shuga ndi sopo. Musaganize kuti malipiro akwera, sanakwere. Mverani mmene zinachitikira.

Mlungu wachiwiri tinakweza firiji kunsanjika yachisanu, kwa mayi wina namwino, akadali mu yunifolomu yake. Titaiimika m'khitchini, a Chipewa anachita zomwe amachita nthawi zonse. Anapinda mabulangete, anakulunga malamba, n'kuti, "Ndatsika, malizitsa." Kumalizitsa ndiye kuchotsa mapulasitiki, kulumikiza kumagetsi, kudikira kuti imveke kulira, ndi kusainitsa pepala. Mayi uja atasaina anandifumbatitsa ndalama yapepala yopinda kanayi. Ndinakana, ndimayesa akundiyesa. Anaseka n'kuti, "Masitepe amenewa ine ndimapumira kawiri ndili chimanjamanja. Landirani, mukamwe tiyi." Kuno amati tipu, ndi kangachepe kathu komweka. Kungoti kangachepe kake kanali kogula buledi wa mlungu wathunthu.

Ndinaibisa mu sokosi. Pansi ndinapeza a Chipewa akumanga katundu wotsala. Anangofunsa kuti, "Asaina?" Ndinati asaina. Anati, "Tiyeni." Kuyambira pamenepo zimachitika, osati tsiku lililonse, mwina kawiri kapena katatu pamlungu. Ine ndimati yaikidwa m'dzanja langa, ndiye ndi yanga. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Anthu ake mungaseke. Ena tikangomaliza amayamba nkhani yosatha pafoni, maso kudenga, mpaka titatuluka. Ena amalowa m'bafa n'kutsegula madzi. Wina anandifunsa ngati ndili ndi chenji. Ndipo opereka kwambiri si a nyumba zazikulu ayi. Ndi anthu onga namwino uja, amene miyendo yawo imadziwa kuima tsiku lonse.

Tsiku lina pa lole ndinawafunsa a Chipewa mozungulira, ngati nkhani chabe, kuti kodi anthuwa amayenera kupereka? Anati, "Sayenera. Analipira kale kusitolo. Kungoti sitolo inawagulitsa firiji, sinawagulitse mawondo athu. Amene wayang'ana masitepe n'kuwamvera chisoni anzake, apereke ngati ali nayo. Amene alibe, atsegule chitseko mpaka kukhoma, achotse ana ndi galu m'njira, atipatse madzi. Kamenekonso ndi kangachepe." Kenako anandiloza ndi chala. "Koma iwe ukamaliza, tuluka. Usamaime pakhomo. Woima pakhomo wasiya kukhala wantchito, wasanduka wopempha." Bambo amenewa sukulu anasiyira panjira, koma akalankhula ndimafuna nditakhala ndi cholembera.

M'chipinda chathu tsopano tilimo anayi, eni nyumba anakweza lendi ndiye tinaitana wina. Buledi wakweranso. Za apolisi amene anabwera Loweruka kudzafunsa mapepala okhalira m'dziko muno, musamve zonena za anthu, ine ndinali kuntchito.

Mbuzi ija musagulitse, idikire mwezi wamawa.

Ndine,
bambo a ana anu

2 Epulo

Mayi a ana anga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Moni kwa amayi, muwauze kuti juzi yawo ikubwera kusanazizire. Ine m'thupi ndili bwino. Mumtima ndiye muli kanthu, koma ndiyambe ndi zina.

Lachiwiri tinapita kwa bambo wina wa nyumba yampanda wautali. Anatichingamira pageti akukupiza ndalama m'mwamba. Akuti, "Mukakweza bedi ili mphindi khumi zisanathe, iyi ndi yanu." Ine miyendo inali itayamba kale kuthamanga. A Chipewa anavula magolovesi, anayeza chitseko ndi tepi kawiri, anayala mabulangete pamakona onse, mosapupuluma ngati akuyalira mwana pogona. Tinatha theka la ola, khoma osalikhudza ngakhale pang'ono. Bambo uja anabwezera ndalama yake m'thumba atakwinya nkhope. Pa lole ndinang'ung'udza. Iwo anati, "Yotsogola si yothokoza, mphwanga, ndi chikwapu. Yathyola misana ya anthu ambiri. Yothokoza imabwera ntchito itatha."

Masana ake tinakasiya sitovu kwa nkhalamba ina yokhala yokha m'kachipinda kamodzi. Apa a Chipewa sanatsike msanga, chifukwa mawaya a sitovu amalumikiza okha. Titamaliza, nkhalamba ija inatulutsa botolo lodzaza timakobili n'kukhuthulira tonse patebulo, akuti tengani ana anga. A Chipewa anasankha tiwiri tating'ono. Kenako anavula chipewa. Mayi, aka kanali koyamba kuona mutu wawo, ndi wadazi ngati dzira. Anathokoza ngati alandira ng'ombe. Pamasitepe anandiuza kuti, "Kukana n'kumuuza kuti ndi wosauka. Kutenga zonse n'kumubera." Ndiye anandipatsa kakobili kamodzi, akuti, "Kako aka."

Kakobili kameneko sikangagule ngakhale machesi, koma kanandiwotcha m'dzanja.

Mawa lake kudepoti, nthawi ya chakudya, ndinaona anthu awiri a lole ina akukhuthulira ndalama za m'chitini pa katoni n'kumagawana. Ndinafunsa kuti n'chiyani. Wina anandiyang'ana modabwa. "Iwe, miyezi iwiri uli pano sukudziwa? Ya pakhomo ndi ya onse awiri onyamula. Adalaivala sawerengedwa, sakwera masitepe. Ndipo woyamba kutenga ndi wapansi, chifukwa mwini katundu amaona nkhope ya wapamwamba yekha, wapansi samuona." Anandiuzanso za wina chaka chatha amene ankabisa mu nsapato. Anzake atadziwa anakana kukwera naye lole, ndipo kapitawo anamuonetsa geti tsiku lomwelo.

Safunsa anadya phula, ndipo phula lake ndadya ine miyezi iwiri. Bambo amene amasenza firiji pamene ine ndikungokoka lamba, amene anandigawira kakobili ka nkhalamba, ndakhala ndikuwadutsa ndi ndalama mu sokosi n'kumayankha kuti asaina. Poyamba sindinkadziwa, zoona. Koma ndikanena kuti mtima sunkandiuza, ndinama, chifukwa munthu sabisa mu sokosi chinthu chimene akudziwa kuti n'chake.

Kwatsala milungu isanu kuti apereke mawu awo. Ndikawauza, mwina ndapita. Ndikapanda kuwauza, sindidziwa kuti ndiziwayang'ana bwanji pokhota masitepe, poti pamenepo nkhope zathu zimakumana. Musauze aliyense, ngakhale amayi.

Ndine,
bambo a ana anu

19 Epulo

Mayi a ana anga,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndathokoza kuti nonse muli moyo. Malungo a mzime aja musawaderere, mumalize mankhwala onse ngakhale akusewera. Ine ndilipo.

Mwalemba kuti, "Nsapato wavala mwanayu, phazi limodzi ndi la bambo amene simunawauze. Kawauzeni." Mayi, inu mukalankhula simusiya pothawira. Kunena n'kosavuta muli kumeneko. Ndawerenga katatu, ndakwiya kamodzi, kawiri konseko ndavomera.

Ndayesa, koma ndafika theka la njira. Lolemba mayi wina wosoka zovala anandipatsa kangachepe titamukwezera kabati. Nditatsika ndinakatulutsa poyera n'kuti, "Bambo, atipatsa aka." Anayang'ana ndalama, anayang'ana ine, n'kuti, "Oo, lero atipatsa." Anagawa pakati, basi, n'kuyamba kukamba za tayala lakumbuyo. Mawu akuti "lero" amenewo ndayenda nawo mlungu wonse ngati mwala mu nsapato. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse ndimatulutsa. Koma za m'mbuyo zija pakamwa pamakana. Ndimakonza mawu m'mawa posamba, ndikawaona amangosungunuka.

Gawo lawo la miyezi iwiri ija ndayamba kuliika mu envelopu, ili m'pilo. N'chifukwa chake mwezi uno ndatumiza yochepa. Malata adikire, muike beseni pamene pakudonthapo monga kale.

Pali chinanso. Ndadziwa chifukwa chake amatsika msanga. Lachinayi ndinamaliza mofulumira, mwini katundu anali wothamangira kuntchito, ndiye ndinawapeza atakhala kuseri kwa lole, buluku atapinda, akumanga bondo ndi bandeji yakuda ndi ntchito. Bondo lake lotupa, lonyezimira, kukula ngati mutu wa mzime. Atandiona anatsitsa buluku mosafulumira n'kuti, "Sunaone kanthu." Ndinati sindinaone. Kapitawo akadziwa awatsitsa pa lole, ndipo kwawo kuli zidzukulu zitatu zimene zimayang'ana iwo.

Ndinawapempha kuti tisinthane, ine ndipite pansi. Anati, "Ukadali kupuma ngati galu wothamangitsa njinga. Ukadzaphunzira ndidzakuuza." Atatero anasenza makina ochapira mpaka kunsanjika yachitatu, osabuula ngakhale kamodzi. Ine pamwamba ndinkakoka lamba ndi mphamvu zanga zonse kuti ndiwapepuzeko, mpaka anandikalipira kuti ndipendeketsa katundu. Amuna olimba ndawaonapo, koma wolimba mwakachetechete chonchi sindinamuone.

Tsopano aliyense wasunga chinsinsi. Kusiyana kwake n'kwakuti chawo chikupweteka iwo okha, changa chikupweteka iwonso.

Ndiwauza. Ndipatseni masiku ochepa.

Ndine,
bambo a ana anu

7 Meyi

Mayi,

Muli bwanji? Ine ndili moyo. Mukhululuke zilembo zokhotakhotazi, m'manja muli mabandeji. Musachite mantha, ndi khungu chabe.

Dzulo tinali ndi makina ochapira opita kunsanjika yachisanu ndi chimodzi, masitepe opapatiza. Pokhota pachinayi ndinamva "ima", koma mawu ake sanali amene ndimawadziwa. Bondo lija linagonja. A Chipewa anagwada, makina ali paphewa, kumbuyo kwawo khoma. Kulemera konse kunabwera pa lamba. Linang'amba magolovesi n'kulowa m'manja. Ndinalikulunga pamkono, ndinaponda chitsulo cha masitepe, n'kukuwa. Sindidziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Anatulukira abambo awiri a m'nyumba zomwezo n'kutithandiza. Ndikanasiya, makina aja akanawapanikizira kukhoma.

Ali kuchipatala. Powanyamula anandiuza kuti ndisaiwale mabulangete.

Mwini makina anaona kachikanda pambali n'kulemba dandaulo papepala. Sanafunse n'komwe za munthu amene anatsika atanyamulidwa.

Miyezi itatu ikutha mkuja. Kapitawo wangoti ndipume, ndidzamuone Lolemba. Nkhope yake sinandiuze kanthu. Envelopu ikadali m'pilo, ndipo dzulo bambo aja akanatha kupita osamva pakamwa panga. Mukanena kuti munanena, ndivomera.

Ndine wanu

12 Meyi

Mayi a ana anga,

Moni nonse. Manja akupola, ndayamba kugwira kapu. Khalani pansi, kalata iyi ndi yaitali.

A Chipewa anatuluka Lachisanu. Dzulo masana ndinapita kwawo ndi envelopu m'thumba la malaya. Ndinati ndiwauze ndisanakaonane ndi kapitawo, kuti ngati ndikupita, ndipite nditatsuka m'kamwa. Amakhala m'kachipinda kuseri kwa shopu yokonza nsapato. Muli bedi, kasitovu ka diso limodzi, masutikesi awiri osanjikiza amene ndiye tebulo, ndi chithunzi cha zidzukulu chomata pakhoma. Zaka zonsezi akukweza mafiriji a anthu, iwo alibe ngakhale kakang'ono. Mkaka amauika m'beseni la madzi. Ndinawapeza atagona, mwendo uli m'chikhakha atausanjika pa kireti, chipewa chili kumutu.

Ndinati, "Bambo, ndabwera ndi mlandu."

Anati, "Khala pa sutikesi. Mlandu woimirira sumveka."

Ndinanena zonse, kuyambira kwa namwino uja. Maso anga anali pansi. Nditamaliza ndinamva bedi likugwedera. Ndinayesa akumva ululu. Anali kuseka, mpaka kugwira mwendo.

Anati, "Sokosi yakumanzere."

Ndinadzutsa mutu, iwo n'kupitiriza.

"Munthu amene amati akakwera lole n'kuyamba kukanda mwendo wakumanzere, kawiri kapena katatu pamlungu. Ndinkati mwina ndi nsikidzi, koma nsikidzi zake zoluma pokhapokha mwini katundu akamwetulira?"

Ndinafunsa kuti nanga bwanji simunanene. Iwo anandifunsanso, "Ukuganiza mabulangete amafunika kutsika msanga chifukwa chiyani? Amathawa?"

Ndinati ndimayesa n'chifukwa cha bondo.

"Bondo layamba chaka chino. Kutsika msanga ndinayamba iwe usanakwatire." Anadzikoka n'kutsamira khoma. "Nditafika kuno ndinkagona pa makatoni. Amene anali wapansi wanga, munthu wa dziko lina, chinenero sitinkamvana, ankatsika msanga miyezi itatu yathunthu. Ndinadzazindikira patapita chaka. Mlendo alibe bulangete, alibe poto, ndipo kwawo akuyesa kuti ndalama akutola mumsewu. Ndikanakupatsa m'manja ukanayamba kundigwadira. Ine pamasitepe sindifuna wondigwadira, ndifuna wogwira lamba."

Ndinati, "Komabe ndinabisa, bambo."

"Unabisa, inde. Onse amabisa. Chimene ndimadikira ine n'chakuti adzatulutsa yekha kapena ayi. Ena satulutsa mpaka kalekale, amenewo ndimawauza kapitawo kuti apite. Tsiku lija unati atipatsa aka, ndinakadya bwino."

Ndinalimba mtima n'kufunsa za mawu awo kwa kapitawo. Anati, "Ndinapereka kale, ndili pa machira kuchipatala, asanandibaye n'komwe. Ndinati ameneyu akhale, ndipo akhale pansi. Lamba lija wina akanalisiya."

Mayi, ndinasowa poika nkhope. Ndinatulutsa envelopu n'kuti gawo lanu ndi ili. Ndinkadziwa kuti akana, ndinali nditakonza kale mawu owakakamiza. Koma sanakane. Anayang'ana mwendo wawo. Kenako anati, "Adokotala akuti masitepe ndisiyane nawo. Akuti ndidzayenda, koma kusenza ayi." Ananena ngati akunena za mvula.

Ndiye anandifunsa, "Ndinakuuza kuti yothokoza imabwera liti?"

Ndinati, "Ntchito itatha."

"Ndiye yanga yatha. Bweretsa."

Anavula chipewa, mayi, ngati mmene anavulira kwa nkhalamba ija, n'kulandira. Ine bambo wa ana atatu ndinalira pa sutikesi ya eni ake, ndipo sindikuchita manyazi kukuuzani. Iwo anandisiya ndilire, kenako anati ndiwaphikire tiyi popeza ndabwera ndi manja, ngakhale ali omanga.

Lero m'mawa kapitawo wandisainitsa. Ntchito ndi yanga. Uzani amayi, ndipo mmisiri wa malata uja mumuuze ayambe kuyeza.

Ndine,
bambo a ana anu

5 Julayi

Mayi a ana anga,

Muli bwanji? Ndamva kuti denga latha ndipo beseni labwerera ku ntchito yake yochapira. Mzime akuti akuthamanga, sanandidikire. Ine ndili bwino. Ndaphunzira kupuma. Umakoka mpweya phazi lisananyamuke, umautulutsa likaponda, ndipo suganiza za nsanjika imene ukupita, umaganiza za sitepe imodzi yokha.

A Chipewa akuyenda ndi ndodo. Kapitawo wawapatsa mpando pakhomo la depoti, amayang'ana mmene tamangira katundu lole isananyamuke. Malipiro ake ndi ochepa, ndipo akukamba zobwerera kwawo chaka chikamatha. Mfundo zanga amazimasula kawiri pamlungu, akuti ndimamanga ngati ndikumanga mbuzi. Lamlungu ndimakawaona.

Tsopano inu. Ndinakhala pansi kuti ndikulembereni mwaulemu kuti mawu anga a mu Febuluwale aja ndawabweza, bambo wanjinga uja muzimupatsa kangachepe. Ndisanayambe n'komwe, kalata yanu yafika, mukuti mwakhala mukumupatsa kuyambira katoni yoyamba, chifukwa munamuona akukankha njinga pachitunda chija matope ali m'mawondo, ndipo ine kuno sindinamuone. Ndiye kalata yanga ija munayatsira moto? Miyezi isanu ndikudziyesa mutu wa banja, chonsecho malamulo anga amathera pageti. Chabwino. Ine zinanditengera firiji zosawerengeka ndi khungu la m'manja kuti ndidziwe zimene inu munadziwa mutangoyang'ana pachitunda. Ndakugonjerani, ndipo ndikunyadirani.

Ndingowonjezera zimene ndaphunzira, ngati mungazilandire. Muzimupatsa katundu atatsitsa, osati asananyamule. Kukagwa mvula muziwonjezerako. Akabwera awiri, muyang'ane amene malaya ake anyowa kumsana, osati amene wagogoda. Tsiku limene mulibe, musabisale kuchipinda. Mutulutse mpando ndi madzi, mumuuze kuti lero palibe. Ndipo akamaima pakhomo akupukuta thukuta, mwina sakudikira kanthu, akungodikira kuti miyendo ibwerere. Zimenezi ndazidziwa tsopano.

Wapamwamba wanga anayamba Lolemba. Ndi bambo wamkulu kuposa ine, kwawo anali kalaliki, manja ake ofewa ngati a mwana. Ana anayi. Jekete alibe, ndipo ndamva kuti akugona pa makatoni kwa msuweni wake. Kapitawo wandiuza kuti ikatha miyezi itatu adzafunsa ine.

Lero tinakweza firiji kunsanjika yachinayi, kwa banja lina lachinyamata. Mkazi wake ankatitsatira pambuyo akuti pepani, pepani, sitepe iliyonse. Titaiimika ndinaona mwamuna akulowa kuchipinda akusisita thumba. Ndinapinda mabulangete, ndinakulunga malamba, n'kuti, "Ndatsika, malizitsani."

Ndinadikira pa lole. Anatsika patapita nthawi, akuyang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. Anakwera, anakhala, n'kuyamba kukanda mwendo wakumanja.

Ndinangofunsa kuti, "Asaina?"

Moni kwa amayi ndi ana. Juzi ya amayi ija yachedwa, koma ili pansi m'katoni.

Ndine wanu,
wapansi